Kanyali Kofiira Kakayaka, Tisamangoti Duu

Anzanga, ndani mwa ife sanakwerepo minibasi kapena Sienta pa msewu wa M5? Ena timakwera popita ku boma, ena ku Dwangwa kwa achibale, ena kukazonda odwala, enanso ku Salima nthawi ya holide. Tsono tsiku lina mukadzakhala kumbuyo kwa a dalaiva, mudzasuzumire kuseri kwa chiwongolero, paja pamakhala muvi wa liwiro ndi wa mafuta. M'galimoto zambiri zonyamula anthu kuno kunyanja mudzapeza tinyali tiwiri kapena titatu tili ngwee ulendo wonse. Pena mudzapeza pamatidwa selotepi wakuda, pena kachithunzi ka timu ya mpira, kuti kanyaliko kasamaoneke.

Ine ndikuti khalidwe limeneli ndi loipa. Tinyali timeneti si zokongoletsera. Ndi pakamwa pa galimoto, pamene imanenera kuti yadwala. Ndikutinso ife ana asukulu tiyenera kutidziwa, chifukwa m'galimotomo timakhala ndife, amayi athu ndi ang'ono athu. Zambiri zimene ndalemba pano ndaziphunzira kwa malume anga amene ndi makaniko. Loweruka ndimapita kukawathandiza kupatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo. Zina ndazilumikiza ndi zomwe timaphunzira mu Physics.

Poyamba, mitundu

Amene amapanga galimoto anatengera nzeru ya maloboti a pamsewu, aja ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kanyali kofiira kakutanthauza ngozi, ndiye imani. Kachikasu kakutanthauza kuti pali cholakwika, galimoto ikhoza kuyendabe koma ionedwe msanga. Kobiriwira ndi ka buluu kamangodziwitsa kuti chinachake chikugwira ntchito, monga maindiketa kapena magetsi akuluakulu a usiku. Munthu atangodziwa zimenezi basi, wadziwa theka la nkhani.

Chinanso n'chakuti a dalaiva akapotoza kiyi koma injini isanalire, pafupifupi tinyali tonse timayaka limodzi. Si kuti galimoto yapenga ayi. Ikudziyesa kuti ione ngati tinyalito tili moyo. Injini ikalira timayenera kuzima pakapita timphindi tochepa. Komwe kakhalabe koyaka ndiye kali ndi uthenga. Komwe sikanayake n'komwe poyambapo ndiye kokayikitsa kwambiri, chifukwa mwina wina anazula babu kuti abise matenda. Malume amati munthu wogula galimoto yakale aziyamba kuona zimenezi asanayambe kusirira penti.

Tinyali tinayi tofiira

Koyamba kamaoneka ngati katiyipoti kodontha dontho limodzi. Aka ndi ka oyilo, ndipo ndi koopsa kuposa tonse pa moyo wa injini. Taganizani: muvi ukamaloza pa 3, ndiye kuti injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi. Gawani ndi 60, mupeza kuti ikuzungulira ka 50 pa sekondi. Chimene chimaletsa zitsulo zothamanga chonchi kuti zisadyane ndi oyilo amene pampu imamukankhira pakati pawo. Kanyali aka kakayaka ndiye kuti mphamvu yokankha oyiloyo yatsika. Mwina oyilo watha, mwina wadontha, mwina pampu yafa. Zitsulo zimayamba kukhulana zouma, kutentha, kenako kugwirana. Apa ndi pamene timamva kuti injini yanoka. Sizidikira kuti mufike pa depoti. Zimatha kuchitika pa mphindi zochepa chabe. Mankhwala ake ndi kupatuka pamsewu, kuzimitsa injini, kudikira pang'ono, ndi kuyeza oyilo ndi kawaya kaja amasolola. Ngati oyilo alimo wokwanira koma kanyali sikakuzima, galimoto isayendenso mpaka makaniko aione.

Kachiwiri kamaoneka ngati thermometer yoviikidwa m'mafunde. Kakafiira ndiye kuti injini yatentha mopyola. Kuno kwathu mu Okutobala ndi Novembala dzuwa mukulidziwa nokha. Onjezani anthu khumi m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri, matumba a mpunga kumbuyo, mabasiketi a usipa pamwamba, ndiye muyambe kukwera zitunda za msewu wa M18 wopita ku Kasungu. Msewu umenewu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, mmene a African Parks anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Kodi alipo amene angafune kuti galimoto imufere m'menemo dzuwa likulowa? Kanyali aka kakayaka galimoto iime pamalo abwino, injini izizire. Ndipo chonde, wina asathamangire kutsegula chivindikiro cha radiyeta. Madzi a m'menemo amakhala opanikizika, choncho amatha kutentha kupyola madigiri 100 osawira. Mukangotsegula amawira nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso ndi m'manja. Amene amatumidwa kukathira madzi nthawi zambiri ndi makondakitala, anyamata osatiposa ife kwenikweni. Pa galimoto zambiri za ku Japan kanyali komweka kamayaka ka buluu kapena kobiriwira m'mamawa. Pamenepo palibe vuto, kakungonena kuti injini idakali yozizira.

Kachitatu ndi kabokosi kokhala ndi + ndi –. Anthu ambiri amati batire latha, koma kwenikweni kakunena kuti batire silikulandira moto. Galimoto ikamayenda pali chipangizo chotchedwa alternator chimene chimapukusidwa ndi lamba n'kumadzaza batire. Chikafa, kapena lamba akaduka, galimoto imayamba kudya moto wosungidwa m'batire mpaka kutha. Usiku magetsi amayamba kuchita chizimezime, kenako injini thi, mumdima, pamsewu wopapatiza umene pamadutsanso malole. Pa galimoto zina lamba yemweyo amapukusanso pampu ya madzi, ndiye akaduka mavuto amabwera awiri pakamodzi.

Kachinayi ndi chizindikiro cha ! m'kati mwa kabwalo. Aka ndi ka mabuleki. Pena a dalaiva angoiwala kutsitsa handibuleki. Koma ngati atsitsa ndipo kakuyakabe, kawirikawiri ndiye kuti mafuta a mabuleki achepa, mwina chifukwa akudontha penapake. Apa sitikukambanso za injini, tikukamba za anthu. Pa Chia paja pamadzaza ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu. M'matrading centre athu mumadutsa ana, njinga, mbuzi ndi akabaza. Galimoto imene ikukayika kuima ilibe ufulu wodutsa pamenepo.

Kachikasu kaja kosazima

Kanyali komwe kamamatidwa selotepi kwambiri ndi kachikasu kooneka ngati injini, kaja amati check engine. Galimoto za masiku ano zili ndi kakompyuta kamene kamamvetsera injini kudzera m'tizipangizo tambiri. Kakapeza cholakwika kamasunga nambala ya vutolo n'kuyatsa kanyali. Ku America lamulo linakakamiza kuti kuyambira 1996 galimoto zatsopano zikhale ndi pobayira pa mtundu umodzi powerengera manambala amenewa, ndipo maiko ena anatsatira ndi malamulo awo. Malume ali ndi kamakina kakang'ono kamene amabaya pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga nambala ija. Pena vuto limakhala laling'ono, monga kawaya kolekana. Pena limakhala loti galimoto ikumwa petulo wambiri mwini wake osadziwa. Kakayamba kuphethira m'malo mongoyaka, ndiye kuti injini ikuphonya kuwotcha mafuta, ndipo kupitiriza kuthamanga kumaononga zinthu zodula za ku ekizozi.

Palinso tachikasu tina: kolembedwa ABS, komwe kakunena kuti chida choletsa matayala kukhukhuluzika pomanga mabuleki mwadzidzidzi sichikugwira, zomwe zimaopsa nthawi ya mvula. Kena kamaonetsa munthu atakhala ndi chibaluni patsogolo pake, ndipo pa galimoto zambiri kamakhala kofiira. Kakayakabe, zibaluni zoteteza anthu pa ngozi zikhoza osatuluka.

Injini yozima yokha

Tsopano nkhani imene yasokoneza anthu ambiri. Galimoto zathu zambiri ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Zimatiyenera chifukwa ku Japan amayendanso kumanzere ngati ife. Koma mabuku ake ndi mauthenga a pa dashibodi amabwera m'Chijapanizi, ndiye mwini galimoto amangoyendera kumva kwa anzake. Zambiri mwa zatsopanoko, monga Mira, Demio ndi Note za zaka zaposachedwa, zimati a dalaiva akaponda mabuleki n'kuima, injini imazima yokha. Akangochotsa phazi, imalira yokha. Munthu wosadziwa amadzidzimuka. Ndamvapo amayi ena pa siteji akunena kuti galimoto yotere siyabwino, ili ndi zake.

Palibe zamatsenga apa. Makampani anaika dala kuti galimoto isamawotche mafuta ndi kutulutsa utsi itangoima. Toyota inayesa nzeru imeneyi pa galimoto ya Crown kale mu 1974, koma yafala zaka za posachedwapa. A Mazda amaitcha i-stop, a Daihatsu amati eco IDLE. Pa galimoto zambiri chizindikiro chake ndi chilembo A chozunguliridwa ndi muvi. Chikayaka chobiriwira ndiye kuti injini yangopumula, sinafe. Kakompyuta kaja sikalola injini kuzima ngati idakali yozizira kapena ngati batire lafooka. Choncho tsiku lina imazima, tsiku lina ayi, ndipo zonsezo zikhoza kukhala zabwinobwino.

Madalaivala ambiri kuno sazikonda, ndipo pa ichi ndikuwamvetsa. Chidachi anachipangira mizinda ngati Tokyo, kumene galimoto zimaima pa maloboti kambirimbiri. Kuno ku Nkhotakota timaima pa rodibuloko, ponyamula munthu, kapena podikira ng'ombe ziwoloke. Komanso chimafuna batire lapadera lopirira kuliza injini pafupipafupi, lomwe ndi lodula kuposa wamba. Ukaika wamba silichedwa kufooka. Ndiye ngati a dalaiva sakuchifuna, pali batani lake lochizimitsira, lomwe kampani inaika yokha. Kudina batani limenelo si kulakwa. Chimene ndikukana ndi kudula mawaya mwachisawawa kapena kuzula mababu, chifukwa pamenepo umatha kupha ndi tinyali tina tofunika.

Ngozi yake yeniyeni ili kwa ife oyenda pansi. Tinazolowera kuti galimoto ikakhala chete ndiye kuti siyenda. Masiku ano sizili choncho. Galimoto yozima yokha ija imanyamuka a dalaiva akangochotsa phazi. Ndiye pali zina monga Prius ndi Aqua, zoyendera petulo ndi magetsi, zomwe zimatha kuyamba kuyenda injini ili zii, pa dashibodi patangolembedwa READY. Tikamaweruka timadutsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto zoima, tikucheza, ena mahedifoni ali m'makutu. Tisamadalire makutu okha. Tiziyang'ana ngati pa chiwongolero pali munthu, ndipo tiziwauza ang'ono athu a ku pulayimale chimodzimodzi.

Kunyanja timazidziwa kale

Chondidabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Msodzi aliyense wa boti la injini amayang'ana kamadzi kaja kamatuluka kumbuyo kwa injini. Kakasiya kutuluka amadziwa kuti madzi oziziritsa sakuzungulira, mwina pulasitiki kapena udzu watseka polowera, ndipo amazimitsa msanga. Palibe amene amati tiyeni tizingopita, tikaonera kugombe. Injini za maboti zilinso ndi kachingwe kofiira kopotanapotana koti woyendetsa amange padzanja kapena pamwendo. Akagwera m'madzi kachingweko kamasololoka ndipo injini imazima, kuti boti lisathawe lokha kapena kuzungulira n'kumutema ndi pulopela. Pa nthawi ya mwera kachingwe kameneka ndi moyo, ngakhale ena amangokakulunga pa injini pomwepo. Majenereta ena, monga a Honda okhala ndi Oil Alert, amazima okha oyilo akachepa, ndipo sangalire mpaka muthiremo wina.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji galimoto nayo osangozima yokha oyilo akatha? Ndinawafunsa malume. Anati jenereta ikazima mumangokhala mumdima, koma galimoto ikazima ili pa liwiro chiwongolero chimalimba ndipo mabuleki amalemera. Tangoganizani izi zitachitika pa mlatho wa Bua. N'chifukwa chake galimoto zambiri zimangochenjeza, zina zimachepetsa mphamvu, koma chiganizo choima zimasiyira munthu. Ndiye munthuyo akamata selotepi, watsala ndani woteteza anthu ali m'katimo?

Zimene a dalaiva anganene

Sindikufuna kuti muone ngati ndikunyoza madalaivala. Ena mwa iwo ndi makolo a anzathu a pasukulu pano. Ndikudziwa kuti ambiri galimoto si yawo, ndipo madzulo amayenera kukapereka ndalama yoikika kwa abwana, kaya kwayenda kaya sikunayende. Zaka zapitazi taona mizere ya mafuta, munthu kugona pa filing'i siteshoni tsiku lonse osagwira ntchito. Zipangizo zina zimachita kuitanitsidwa ku Lilongwe. Ndiye munthu amati, kanyali aka kakhala kakuyaka chaka chonse, ndafa nako?

Yankho langa lili pawiri. Choyamba, kachikasu kamatha kuyaka miyezi galimoto ikuyenda, zoona, koma kofiira si choncho. Vuto la kuzolowera ndi lakuti diso limasiya kusiyanitsa. Pa dashibodi pakamakhala tinyali titatu tsiku ndi tsiku, kachinayi kakadzayaka palibe adzakaone. Chachiwiri, kunyalanyaza sikupulumutsa ndalama. Pa galaja ya malume panakhala galimoto ina miyezi yambiri, matayala mpaka kuphwa, nkhuku kumaikira pansi pake. Inanoka injini chifukwa woyendetsa anaona katiyipoti kofiira koma anati amalize kaye ulendo. Mwini wake anaigula pa ngongole, ndipo ndi imene inkalipirira ana ake fizi. Botolo la oyilo ndi kuchedwa kwa ola limodzi zikanakwana. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kanyali kaja ndi mnansi, sikabwera kudzakulanda ndalama.

Eni galimoto nawonso asabisale kumbuyo kwa antchito awo. Dalaivala akaimika galimoto chifukwa cha kanyali kofiira ayenera kuyamikiridwa, osati kudulidwa malipiro. Pepala la COF lochokera ku Road Traffic limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Za lero zimanenedwa ndi dashibodi.

Nanga ife tichite chiyani?

Wina anena kuti, aise, ife njinga yomwe tilibe, za galimoto zikutikhudza pati? Zikutikhudza. Tikamaliza Fomu 4 si tonse tidzapite ku yunivesite. Ena adzakhala madalaivala, ena makondakitala, ena adzaphunzira umakaniko kudzera ku TEVETA, ena adzagwira injini za maboti ndi zigayo. Atsikana musati izi n'za anyamata, chifukwa kanyali sikafunsa kuti pa chiwongolero pali ndani. Ndipo zimene tikuloweza pokonzekera JCE, za friction, za kutentha, za pressure ndi za kayendedwe ka magetsi, zonse zili m'galimoto imodzi yomweyo.

Ndikupempha aphunzitsi athu a sayansi kuti tsiku lina masana atiitanire makaniko abwere ndi galimoto pabwalo pano, apotoze kiyi, tione tinyali tonse ndi maso athu. Anzathu odziwa kujambula ajambule zizindikirozi pa pepala lalikulu ndi matanthauzo ake m'Chichewa, tipachike pa bolodi pano. Ngati a hedi angalole, pepala lina tikapereke kwa a tcheyamani a pa siteji.

Chomaliza ndi chovutirapo: kulankhula. Tinaleredwa kuti mwana sadzudzula wamkulu, ndipo ndi bwino. Koma kufunsa mwaulemu si mwano. Mukhoza kunena kuti, “Pepani a dalaiva, kanyali kofiirako kayaka posachedwapa, mwakaona?” Mwina akuyankhani kuti ndi handibuleki chabe, n'kutsitsa. Mwina sanakaone chifukwa maso ali pamsewu ndi pa ndalama, ndipo akuthokozani. Mwina akukalipirani kuti mwana iwe ukudziwa chiyani. Zikatero uzani wamkulu amene mwakhala naye pafupi, chifukwa mawu a anthu awiri kapena atatu amamveka. Ngati kali ka mabuleki ndipo palibe akulabadira, kutsika pa siteji yotsatira si uchitsiru. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo tikakhala ife okwera, tisamakhale oyamba kukuwa kuti a dalaiva tachedwa pamene iwo aima kuti aone injini. Nthawi zambiri amene amakankhira dalaivala kuti apitirize ndi ife tomwe. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka ana a madalaivala ndi a asodzi, alembe apachike pambali pano sabata yamawa, tikambirane.

Wophunzira wa Fomu 2